Montserrat: Zaka Chikwi za Amonke ndi Alendo pa Phiri la ku Catalonia

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Spain, m'chigawo cha Catalonia, kuli phiri lotchedwa Montserrat, lomwe linaima pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Llobregat, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima kuchokera mumzinda wa Barcelona. M'Chikatalani, chomwe ndi chiyankhulo cha eni dera, dzinali limatanthauza phiri lochekedwa ndi sowo, chifukwa matanthwe ake anatuluka m'mwamba ali ndandanda ngati mano, ndipo nsonga yake yaitali kuposa zonse, yotchedwa Sant Jeroni, imafika mamita 1,236 kuchokera pamene pamalekezera nyanja. Chapakati pa phirili, pakhonde lopapatiza la thanthwe lomwe lili pa mamita oposa pang'ono 700, pali nyumba ya amonke ya Santa Maria de Montserrat ndi tchalitchi chake, komwe anthu oposa mamiliyoni awiri amafika chaka chilichonse. Mbiri ya malowa ndi ya zinthu ziwiri zooneka ngati sizingagone m'nyumba imodzi, zomwe ndi bata limene amonke anakwerera phiri kuti alipeze, ndi khamu la alendo limene linawatsatira komweko, ndipo chimene chasunga Montserrat kwa zaka chikwi n'chakuti amonkewo sanalole kuti chimodzi mwa ziwirizi chithamangitse chinzake.

Mawu akuti mmonke anachokera ku Chigiriki, komwe tsinde lake limanena za munthu wokhala yekha, koma amonke a ku Montserrat amakhala pamodzi ngati banja, motsata buku la malamulo limene Benedict Woyera wa ku Nursia analemba ku Italy m'zaka za m'ma 500. Bukuli limagawa tsiku la mmonke pakati pa pemphero la onse pamodzi, kuwerenga Malembo Oyera mosinkhasinkha, ndi ntchito, ndipo limaika banja lonse m'manja mwa mkulu wosankhidwa ndi amonke eni ake, amene m'Chikatalani amatchedwa abat, kuchokera ku liwu la Chiaramu lotanthauza atate. Pa malumbiro atatu amene mmonke wa chipani chimenechi amachita, awiri ndi a kumvera ndi a kusintha moyo tsiku ndi tsiku, pamene lachitatu, lomwe limasiyanitsa amonkewa ndi ansembe a zipani zotumidwa kutali, ndi la kukhazikika, kutanthauza kuti munthu amalonjeza kukhala wa banja limodzi ndi nyumba imodzi mpaka imfa. Malamulo omwewo amauzanso amonke kuti mlendo aliyense wofika pakhomo, makamaka wosauka ndi wapaulendo, azilandiridwa monga Khristu mwini. Motero munthu amene walumbira kuti sadzachoka amapatsidwa udindo wotsekulira chitseko anthu amene sadzakhalitsa, pakuti mlendo ndi mame.

Zolembedwa zakale zimasonyeza kuti m'chaka cha 888 Wifred, wolamulira wa Barcelona, anapereka timatchalitchi tingapo ta paphiripo kwa amonke a ku Ripoll, ndipo kamodzi mwa ito kanali ka Santa Maria. Cha m'ma 1025, Oliba, yemwe anali abat wa Ripoll komanso episkopi wa Vic, anatumiza amonke kukakhala pa katchalitchi kameneka, ndipo chaka chimenecho n'chimene chimawerengedwa ngati chiyambi cha nyumbayi. Pambali pa mbiri ya m'makalatayi pali nthano imene makolo a ku Catalonia akhala akusimbira ana awo, yakuti m'chaka cha 880 abusa a ziweto anaona kuwala ndi kumva nyimbo paphiri madzulo a Loweruka, ndipo atalondola anapeza chiboliboli cha Amayi Maria m'phanga, chomwe chinalemera kwambiri pamene episkopi anafuna kuchinyamula kupita nacho ku Manresa, kotero kuti onse anazindikira kuti chiyenera kukhala pomwepo. Phangalo, lotchedwa Santa Cova, lili ndi katchalitchi kake mpaka lero. Ngakhale nthanoyi siigwirizana ndi zaka za chosemacho, imanena molondola zimene anthu ankakhulupirira, kuti chiyero cha Montserrat chinamangirira pa phiri lenilenilo ndipo sichingasamutsidwire kuchigwa.

Chiboliboli chimene chili m'tchalitchi masiku ano chinasemedwa pa mtengo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, n'chotalika masentimita pafupifupi 95, ndipo chimaonetsa Maria atakhala pampando, Mwana ali pamiyendo pake, dzanja lake lamanja litanyamula kampira koimira chilengedwe chonse. Nkhope ndi manja n'zakuda, n'chifukwa chake Akatalani amachitchula mwachikondi kuti La Moreneta, ndiko kuti wakuda wamng'ono. Akatswiri amene anachiunika m'chaka cha 2001 anapeza kuti pachiyambi nkhopeyo inali yoyererapo, ndipo inada pang'onopang'ono chifukwa cha kusintha kwa utoto ndi utsi wa makandulo ndi nyale zimene zinayaka patsogolo pake kwa zaka mazanamazana, kufikira pamene okonza a m'mibadwo yotsatira anayamba kuipaka utoto wakuda mwadala popeza anthu anali ataizolowera choncho. Zimenezi sizinachepetse ulemu wa chosemacho, chifukwa zinaonetsa kuti maonekedwe amene anthu amachidziwira nawo anaumbidwa, mwa mbali ina, ndi mapemphero a alendo omwewo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1200 mbiri ya zozizwitsa za ku Montserrat inawanda, ndipo alendo anachuluka mwakuti malo ogona sankakwanira, choncho ambiri ankachezera usiku wonse m'tchalitchi momwemo. Umboni wooneka bwino wa mmene amonke ankakhalira ndi khamuli ndi buku lolembedwa pamanja cha m'ma 1399, lotchedwa Llibre Vermell, kapena kuti Buku Lofiira, dzina lomwe linabwera chifukwa cha chikuto chimene linavekedwa m'zaka za m'ma 1800. M'bukuli mwatsala nyimbo khumi, zina za m'Chilatini ndipo zina za m'chiyankhulo cha anthu wamba, zina zoimba mopokezana ndipo zina zovina mozungulira bwalo. Wolembayo anafotokoza cholinga chake, kuti popeza alendo ochezera usiku m'tchalitchi ndi osonkhana pabwalo masana amafuna kuimba ndi kuvina, kunali bwino kuwapatsa nyimbo zoyenera malowo, zoti aziimba modzilemekeza, osasokoneza anzawo amene akupemphera. Amonke akanatha kuletsa gule, koma anasankha kumupatsa mawu, ndipo nzeru imeneyo ndi imene yaoneka mobwerezabwereza m'mbiri yonse ya nyumbayi.

M'chaka cha 1409 Montserrat inaima payokha, kusiya kulamulidwa ndi Ripoll, koma mu 1493 Mfumu Ferdinand inaiika pansi pa mgwirizano wa amonke a ku Valladolid, m'chigawo cha Castile, chinthu chimene chinabweretsa kukonzanso moyo wauzimu komanso mikangano yaitali pakati pa amonke a ku Castile ndi a ku Catalonia. Mtsogoleri wa nthawi imeneyo, García de Cisneros, anaitana mmisiri wa ku Germany, Johann Luschner, kuti adzaike makina osindikizira mabuku paphiripo mu 1499, ndipo chaka chotsatira panatuluka buku la Cisneros lophunzitsa munthu kupemphera mwadongosolo, tsiku ndi tsiku. Iye anakonzanso malamulo a magulu onse okhala paphiri, omwe anali amonke a m'nyumba yaikulu, abale ogwira ntchito za manja, ansembe otumikira alendo, anyamata oimba, ndi odzipatula, ndiko kuti amonke amene ankakhala aliyense payekha m'tinyumba 13 tomwazika m'matanthwe pamwamba pa tchalitchi, namatsika pa masiku a zikondwerero. Tchalitchi chachikulu chimene chinamangidwa kuti chikwanire khamu chinadalitsidwa mu 1592.

Mwa alendo onse a nthawi imeneyo, wodziwika kwambiri ndi msilikali wa ku Basque, Ignatius wa ku Loyola, amene anafika mu Malichi 1522, akutsimphina chifukwa cha mwendo umene unathyoledwa ndi chipolopolo cha mzinga pa nkhondo ya ku Pamplona chaka chapitacho. Anatha masiku atatu akulemba ndi kuulula machimo a moyo wake wonse kwa mmonke wa ku France, Jean Chanon, kenaka anapereka zovala zake zaulemu kwa wopemphapempha, n'kuvala chiguduli, ndipo usiku wa pa 24 Malichi anachezera patsogolo pa chiboliboli cha Maria, nasiya pamenepo lupanga lake. Kutacha anatsikira ku Manresa, komwe anayamba kulemba njira yake ya m'bindikiro, ndipo patapita zaka 18 chipani chake cha Ajezwiti chinavomerezedwa ndi Papa. Ana a chipani chimenechi ndiwo anatsekula mishoni ya Chikuni ku Zambia mu 1905, ndipo ndiwo amayendetsa sekondale ya Loyola ku Kasungu. Dzina la phirili linawolokanso nyanja kale, pakuti pa ulendo wachiwiri wa Columbus mu 1493, womwe Bernat Boïl, amene anakhalapo wodzipatula ku Montserrat, anayenda nawo, chilumba china cha ku Caribbean chinapatsidwa dzina lomweli.

Chuma chonse chimene mibadwo inaunjika chinatha m'zaka ziwiri zokha. Pa nkhondo yolimbana ndi Napoleon, asilikali a Spain anasandutsa phirili linga, ndipo asilikali a France ataligonjetsa mu 1811 anatentha nyumba ya amonke, kenaka mu 1812 anaphulitsa zotsala ndi wonga. Nyumba ya mabuku ndi makalata akale zinapsa, ndipo Llibre Vermell linapulumuka chifukwa pa nthawiyo linali litabwerekedwa kunja, pamene chiboliboli chinapulumuka chifukwa amonke anali atachibisa. Moyo wa odzipatula a m'matanthwe sunadzukenso monga kale. Amonke asanamalize n'komwe kuchotsa phulusa, boma la Spain linakhazikitsa malamulo a mu 1835 otseka nyumba za amonke ndi kulanda minda yawo, ndipo banjalo linabalalika kwa zaka zisanu ndi zinayi. Pamene ochepa anabwerera mu 1844, anapeza makoma opanda madenga, alibe minda yowadyetsa, koma anabweza chiboliboli pamalo pake, nayambiranso kuimba Masalimo pa maola ake, ndipo alendo, atamva kuti belu likuliranso paphiri, anayambanso kukwera.

Kumanganso nyumbayi, ntchito imene Abat Miquel Muntadas anaitsogolera kwa zaka zambiri, kunachitika pa nthawi imene Akatalani ankadzutsa chiyankhulo chawo, chomwe kwa nthawi yaitali chinali chitachotsedwa m'maofesi ndi m'masukulu n'kutsala cha pakhomo ndi pamsika. Alakatuli ndi ansembe a nthawiyo anaona Montserrat, yomwe inagwa n'kudzukanso, ngati chithunzi cha mtundu wawo. Pa chikondwerero cha mu 1880, chokumbukira zaka chikwi kuchokera pa nthano ya abusa ija, wansembe ndi mlakatuli Jacint Verdaguer analemba nyimbo yotchedwa Virolai, yomwe inaikidwa maimbidwe ndi Josep Rodoreda, ndipo mu 1881 Papa Leo XIII analengeza kuti Maria wa ku Montserrat ndiye nkhoswe ya Catalonia. Njanji ya mano yokwera phiri inatsekulidwa mu 1892, ndipo mu 1930 anamangaponso ngolo zoyenda pachingwe m'malere. Pansi pa Abat Antoni Maria Marcet amonke anabwezeretsa nyumba ya mabuku ndi ntchito yosindikiza, ndipo mmonke Bonaventura Ubach, amene anayenda kwambiri m'maiko a m'Baibulo, anayambitsa ntchito yomasulira Malembo m'Chikatalani kuchokera ku ziyankhulo zoyambirira.

Nkhondo yapachiweniweni ya mu 1936 mpaka 1939 inabweretsa chisoni cha mtundu wina. M'miyezi yoyamba, pamene magulu odana ndi Mpingo ankatentha matchalitchi ndi kupha ansembe, boma la chigawo cha Catalonia linatumiza apolisi kukateteza nyumbayi, ndipo makoma anapulumuka, kenaka n'kugwiritsidwa ntchito ngati chipatala cha asilikali. Amonke eni ake anabalalika, ena anathawira kunja, ndipo 23 anaphedwa m'malo osiyanasiyana. Opulumuka atabwerera mu 1939 anapeza kuti wopambana pa nkhondoyo, Francisco Franco, ankadzitcha mtetezi wa Mpingo, koma anali ataletsa Chikatalani m'masukulu, m'manyuzipepala ndi m'misonkhano. Banja lomwe linataya abale ake m'manja mwa mbali imodzi linaona tsopano chiyankhulo cha alendo ake chikuponderezedwa ndi mbali inayo, komabe m'zaka zoyambirira atsogoleri ake anakhala paubale wabwino ndi boma latsopanolo.

Kusintha kunaonekera pa 27 Epulo 1947, tsiku limene chiboliboli chinakhazikidwa pampando watsopano wasiliva wogulidwa ndi zopereka za anthu wamba, pamene Chikatalani chinamveka pagulu lalikulu kwa nthawi yoyamba chithere nkhondo, ndipo mbendera ya Catalonia inapachikidwa pathanthwe pamaso pa akuluakulu a boma. Popeza zofalitsa za Mpingo sizinkaunikidwa ndi boma mofanana ndi zina, amonke anatenga udindo wosindikiza magazini ya Serra d'Or kuyambira mu 1959, ndipo alembi ambiri amene analibe kwina kolembera m'chiyankhulo chawo anapeza malo m'menemo. Mu Novembala 1963 Abat Aureli Maria Escarré anauza nyuzipepala ya ku France ya Le Monde kuti boma lodzitcha lachikhristu silinkatsata mfundo zenizeni za Chikhristu, ndipo mu 1965 anakakamizika kuchoka m'dzikomo kupita ku Italy. Mu Disembala 1970 alembi, oimba ndi aluso pafupifupi 300, kuphatikizapo ojambula Joan Miró ndi Antoni Tàpies amene anafikako, anasonkhana m'nyumba ya amonke potsutsa mlandu wa ku Burgos, pomwe khoti la asilikali linkazenga anthu a ku Basque, ndipo Abat Cassià Maria Just anawasunga ngakhale apolisi anazinga phiri. Lamulo lakale lija la kulandira mlendo linali litafika pamene kulitsata kunkafuna kulimba mtima.

Moyo wa amonke a masiku ano, omwe ndi makumi angapo pansi pa Abat Manel Gasch, wosankhidwa mu 2021, umayendabe pa maola a pemphero, omwe ndi nthawi zoikika zimene banja lonse limasiya ntchito n'kusonkhana kuimba Masalimo. Amayamba 6 koloko m'mawa, kusanabwere mlendo aliyense, n'kubwereranso m'tchalitchi 7:30 kudzaimba matamando a m'mawa, ndipo Misa yaikulu ya banja lonse imachitika 11 koloko. Mapemphero amenewa amachitika m'Chikatalani, kutsatira Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, womwewo umene unatsekula njira yakuti Misa izichitika m'Chichewa. Pakati pa maola amenewa mmonke wina amakhala m'nyumba ya mabuku, momwe muli mabuku oposa 300,000, wina amakonza zolembedwa zoti zisindikizidwe ndi kampani ya amonkewa, yomwe imawerengera chiyambi chake ku makina a mu 1499 aja, wina amaphunzitsa, wina amasamala abale okalamba, ndipo wina amakhala m'kachipinda kolapitsira, kumvetsera anthu amene ayenda mtunda wautali kuti akanene zimene sakanatha kunena kwawo. Chakudya amadya ali chete, m'bale mmodzi akuwerenga buku mokweza, monga mmene malamulo a Benedict amanenera.

Mawu amene alendo ambiri amabwerera nawo kwawo ndi a Escolania, kwaya ya anyamata yomwe imatchulidwa kale m'makalata a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, ndipo ili m'gulu la makwaya a ana akale kwambiri ku Ulaya. Anyamata pafupifupi 50, a zaka zoyambira 9 mpaka 14, amaphunzira sukulu paphiripo, ndipo kuwonjezera pa maphunziro a masiku onse aliyense amaphunzira kuimba, piyano ndi chida china. Nthawi ikamakwana 1 koloko masana tchalitchi chimadzaza mpaka kukhomo, anyamatawo amalowa pamzere atavala mikanjo yakuda ndi malaya oyera pamwamba, ndipo amaimba nyimbo yolonjera Maria, kenaka Virolai, yomwe Akatalani okhala m'mabenchi amaiimba nawo pamtima. Sukulu imeneyi inaphunzitsa opeka nyimbo otchuka monga Joan Cererols, Antoni Soler ndi Fernando Sor. Mu 2023 amonke anakhazikitsa kwaya ina ya achinyamata okulirapo, momwe muli akazi ndi amuna, yoti izithandiza pa mapemphero a masiku ena, ndipo aka kanali koyamba kuti atsikana akhale ndi malo okhazikika m'maimbidwe a nyumbayi.

Khamu la masiku ano n'losakanikirana kuposa la kale, pakuti pamzere umodzi wokwera masitepe opita kuseri kwa guwa pamaima gogo wa m'mudzi wa kuchigwa amene wadzakwaniritsa lonjezo, gulu la parishi limene layenda pansi usiku wonse, ndi mlendo wodzaona malo amene watsika m'basi ndi foni m'manja. Chiboliboli chili m'galasi, koma kampira ka m'dzanja lamanja kanasiyidwa kunja, ndipo aliyense amaima kamphindi, n'kukagwira kapena kukapsompsona, asanapereke mpata kwa wotsatira. Potuluka amadutsa kanjira kogundana ndi thanthwe komwe makandulo amitundumitundu amayaka usana ndi usiku, ndipo m'chipinda china muli zinthu zimene anthu anasiya pothokoza, monga madiresi a ukwati, ndodo za olumala, zipewa za oyendetsa njinga zamoto ndi zithunzi za makanda. M'mbali mwa msewu alimi a m'midzi yozungulira amagulitsa uchi ndi mató, chomwe ndi tchizi chofewa chosathira mchere. Atsikana ambiri a ku Catalonia amabatizidwa dzina lakuti Montserrat, monga woimba wotchuka Montserrat Caballé, ndipo Papa John Paul II anakwera phirili mu 1982.

Mbiri yoona ya nyumbayi siingabise bala limene linaululika mu 2019, pamene bungwe lofufuza lokhazikitsidwa ndi amonke eni ake linatsimikiza kuti mmonke wina, amene ankayang'anira gulu la achinyamata, anachitira ana nkhanza zogonana kwa zaka zambiri, ndipo abat wa nthawiyo anapepesa poyera. Bala limeneli n'lakuya kuposa la moto wa mu 1811, chifukwa linachokera m'kati, ndipo linagwera anthu amene makolo awo anawapereka m'manja mwa banjalo mwa chikhulupiriro. Chiwerengero cha amonke chatsikanso poyerekeza ndi cha pakati pa zaka za m'ma 1900, monga zilili m'nyumba zambiri za ku Ulaya. Chikondwerero cha zaka chikwi, chomwe chinayamba mu Seputembala 2024 n'kutha mu Disembala 2025, chinapeza banja lochepa ndi lodzichepetsa kuposa la m'masiku a Cisneros, koma lomangidwabe ndi malonjezo omwewo. Makoma ambiri amene mlendo amaona lero ndi a m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900, ndipo chimene chili chakale kwenikweni ku Montserrat, kupatula phiri ndi chosema, ndi chizolowezi cha anthu amene amadzuka kusanache kudzaimba Masalimo m'tchalitchi chopanda anthu, kenaka n'kutsekula zitseko kuti aliyense wofika alowe.